Opaleshoni ya loboti ndi ya timabowo: ndalama zowonjezerazo zimapita kuti?

Banja la ku Luchenza kapena ku Chitakale likatumiza mapepala a bambo awo ku chipatala cha ku India kapena ku Joni, nthawi zina yankho limabwera ndi mitengo iwiri. Matenda ndi omwewo, dokotala ndi yemweyo, koma mzere wina alemba laparoscopic, wina robotic, ndipo wachiwiriwo ndi wokwera. Mkangano pa gulu la WhatsApp la banja umayambira pomwepo. Mwana wina akuti tisaumire, loboti silakwitsa. Azakhali akuti bambo asagwiridwe ndi makina opanda munthu. Maganizo onse awiriwa achokera pa kusamvetsa chomwe lobotiyo ili, ndipo mtengo wake sungamveke tisanaone kaye mmene imagwirira ntchito.

Njira zitatu zolowera m'mimba

Njira yakale, yomwe zipatala zathu za m'maboma zimadalira kwambiri, ndi yong'amba. Dokotala amacheka bala lalitali, n'kuona ndi maso ake, n'kugwira ndi manja ake.

Njira yachiwiri ndi laparoscopy, yomwe pano tiziitchula kuti opaleshoni ya timabowo. Wodwala akagonetsedwa, amamuboola pa mchombo n'kupopera mpweya wa carbon dioxide m'mimba kuti ifufume, pakhale malo ogwirira ntchito. Mphamvu ya mpweyawo imasungidwa pakati pa 12 ndi 15 mmHg, muyezo womwewo womwe amayezera BP. Kenako amaboola timabowo tina titatu kapena tinayi ta mamilimita 5 mpaka 12, n'kuikamo timapaipi. Pa kamodzi pamalowa kamera yomwe amagwira wothandizira, pa tinato pamalowa zipangizo zazitali zowongoka: zopanira, zodulira, zowotchera mitsempha kuti magazi asatuluke. Dokotala amaimirira pambali pa wodwala, maso ali pa sikirini. Ndulu yoyamba kuchotsedwa mwa njira iyi inachotsedwa ndi Erich Mühe ku Germany mu 1985.

Njira iyi ili ndi zovuta zake. Mukapisa ndodo pa kabowo ka mpanda, dzanja likapita kumanzere nsonga imapita kumanja, ndipo zipangizo za timabowo zimachitanso chimodzimodzi. Nsonga zake sizipindika. Kusoka ndi kumanga mfundo kunsi kwa chiuno, komwe malo ndi opanikiza, kumatenga zaka kuti munthu akuzolowere.

Njira yachitatu ndiyo ya loboti. Timabowo ndi tomweto, mpweya ndi womwewo. Chasintha ndi chogwira zipangizo.

Loboti siganiza, imatsatira manja a munthu

Makina odziwika kwambiri ndi da Vinci, opangidwa ndi kampani ya Intuitive Surgical ya ku California, omwe bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zida zachipatala ku America, linawavomereza mu 2000. Ali ndi zigawo zitatu. Choyamba ndi mpando womwe dokotala amakhala, chakumbali m'chipinda momwemo, atalowetsa nkhope pa magalasi oonetsa m'mimba mokulitsa mpaka kakhumi, kuya kwake kukuoneka monga timaonera ndi maso awiri. Zala zake zimakhala m'timphete, mapazi ali pa zopondera. Chachiwiri ndi chingolo cha mikono inayi chomwe amachikankhira pa bedi la wodwala: mkono umodzi wa kamera, itatu ya zipangizo. Chachitatu ndi kabati ya makompyuta ndi magetsi ounikira.

Dokotala akasuntha chala, chipangizo chimasuntha. Akachotsa nkhope pa magalasi, mikono imaima pomwepo. Makinawo sasankha pocheka. Chomwe amawonjezera ndi nsonga zopindika ngati dzanja, kuchotsa kunjenjemera, ndi kuchepetsa mayendedwe, moti dzanja likayenda masentimita atatu nsonga ikhoza kuyenda imodzi. Chomwe amachotsa ndi kumva kwa zala. Pa makina ambiri omwe ali m'zipatala, dokotala samva ngati ulusi wakoka kwambiri kapena thumbo lapanidwa mopitirira, amangoweruza ndi maso. Mtundu watsopano womwe unatuluka mu 2024 ndi womwe unayamba kubweza kumvako pang'ono. Pambali pa wodwala pamakhalabe dokotala wothandizira, namwino ndi wogonetsa, choncho loboti sichepetsa anthu m'fiyeta.

Mtengo woyamba: ganizani za chigayo

Mwini chigayo amabweza ngongole ya makina ndi kulipira mlonda mwezi uliwonse, kaya kwabwera matumba 20 kaya 2,000. Matumba akachepa, thumba lililonse limasenza katundu wolemera. Loboti imayendera lamulo lomweli.

Malinga ndi malipoti a kampaniyo a zaka zapitazi, makina amodzi ankagulitsidwa pakati pa theka la miliyoni ndi madola 2.5 miliyoni, kutengera mtundu wake. Pamwamba pa apo pali mgwirizano wa chaka ndi chaka woti akatswiri a kampaniyo azidzakonza, womwe unkayambira pa madola 80,000 mpaka pafupifupi 190,000. Chipatala sichingaitane makaniko wake, chifukwa zamkatimo ndi mapulogalamu ake zili m'manja mwa wopanga.

Tiyeni tiwerenge ndi manambala ongoyerekeza. Chipatala chagula loboti ya madola 2.1 miliyoni ndipo chikuyembekeza kuigwiritsa ntchito zaka 7. Ndiye kuti madola 300,000 pachaka. Tikaikapo 150,000 ya okonza, zakwana 450,000 pachaka wodwala asanagone ndi mmodzi yemwe. Chipatalacho chikachita maopaleshoni 100 pachaka, wodwala aliyense wasenza madola 4,500. Chikachita 300, asenza 1,500. Chikachita 450, asenza 1,000. Makina ndi omwewo, koma mtengo wasiyana kanayi ndi theka. N'chifukwa chake zipatala ziwiri za mumzinda umodzi zimatha kutchula mitengo yotalikirana, ndipo n'chifukwa chakenso chipatala chomwe chagula loboti chimafunitsitsa kuti isakhale chogona. Wodwala ayenera kudziwa zimenezi, osati kuti akayikire dokotala wake, koma kuti afunse mafunso oyenera.

Zida za timabowo nazo si zotchipa. Pamafunika kamera, sikirini, gwero la kuwala ndi makina opopera mpweya. Koma zonsezi pamodzi zimakwana pa madola masauzande makumi angapo, zapamwamba kwambiri kupitirira 100,000, ndipo zimagwira ntchito ndi zipangizo za makampani osiyanasiyana.

Mtengo wachiwiri: zipangizo zowerengeredwa masiku

Apa ndi pomwe ambiri sadziwa. Chopanira chachitsulo cha opaleshoni ya timabowo chimatsukidwa, kuphikidwa mu autoclave, makina ophera tizilombo ndi nthunzi, n'kugwiranso ntchito maulendo ochuluka mpaka chitabuntha kapena kuthyoka. Chipangizo cha loboti chili ndi kachipangizo kowerengera mkati mwake. Kwa zaka zambiri malire anali maulendo 10, ndipo kuyambira 2020 zina zinawonjezeredwa kufika 12 mpaka 18. Malire akakwana, makina amachikana ngakhale chikuoneka chabwinobwino. Kampani imanena kuti timawaya tosunthira nsonga timatha ndi kukoka komanso kuphikidwa, ndipo takadukira m'mimba mwa munthu ingakhale ngozi. Otsutsa amati malirewo ndi afupi kuposa mmene chitsulocho chingapirire. Chipangizo chimodzi chimagulidwa madola 2,000 kapena kuposa, ndipo opaleshoni imodzi imafuna zitatu kapena zinayi. Onjezanipo mapulasitiki okutira mikono ya makina, omwe amatayidwa tsiku lomwelo.

M'malipoti a zaka zapitazi, kampaniyo inkawerengera kuti zipangizo ndi zina zotayidwa zinkadya pakati pa madola 700 ndi 3,500 pa opaleshoni iliyonse. Mtengo uwu sutsika ngakhale odwala achuluke. Ndalama zoposa 70 pa 100 zilizonse zomwe kampaniyo imapeza zimachokera ku zogulidwa mobwerezabwereza zotere pamodzi ndi mgwirizano wokonza uja, osati ku kugulitsa makinawo. Kafukufuku wosindikizidwa mu JAMA, magazini ya madokotala ya ku America, mu 2018 ataphatikiza makina, kukonza ndi zipangizo, anapeza kuti zipatala zinkalipira kampaniyo pafupifupi madola 3,568 pa opaleshoni iliyonse.

Mtengo wachitatu: mphindi za m'fiyeta

Kukuta mikono ndi pulasitiki, kukankha chingolo, kulumikiza mkono uliwonse ku kapaipi kake, zonsezi zimadya nthawi. Gulu lozolowera limatha m'mphindi zochepa, gulu latsopano limachedwa. Mphindi iliyonse yowonjezera ndi mankhwala ogonetsa, okosijeni, magetsi ndi malipiro a anthu asanu kapena kuposa. Ndi nthawinso ya wodwala wina yemwe akudikira pa mndandanda. Kuphunzitsa dokotala, anamwino ndi otsuka zipangizo nakonso ndi ndalama, ndipo pa maopaleshoni makumi angapo oyambirira dokotala amakhala akuzolowera.

Zomwe anapeza owerengera

Mu 2010, Gabriel Barbash ndi Sherry Glied analemba mu New England Journal of Medicine kuti loboti inkawonjezera pafupifupi madola 1,600 pa opaleshoni, ndipo akaikapo mtengo wogulira makinawo zinkafika pa 3,200. Mu 2013, kafukufuku wa Jason Wright ndi anzake mu JAMA anayang'ana amayi oposa 260,000 a ku America omwe anachotsedwa chiberekero pa matenda osakhala khansa. Mavuto obwera pambuyo pa opaleshoni anali ofanana pakati pa a loboti ndi a timabowo pamanja, koma loboti inakwera ndi madola 2,189. Pa kuchotsa impso ya khansa, kafukufuku wa mu 2017 anapeza kusiyana kwa madola pafupifupi 2,700, ndi maopaleshoni otalikirapo.

Kafukufuku wolimba kwambiri ndi uja wogawa odwala mwa maere, kuti dokotala asasankhire loboti odwala osavuta. Wotchuka ndi ROLARR, wa mu 2017, wa odwala 471 a khansa ya kumapeto kwa thumbo lalikulu. Funso linali lakuti ndi angati omwe opaleshoni yawo inakanika pa timabowo mpaka kung'ambidwa. Pa loboti anali 8.1 pa 100 alionse, pa timabowo pamanja anali 12.2. Loboti ikuoneka kuti yatsogola, koma kusiyanako kunali kochepa moti kukanatha kuchitika mwamwayi chabe. Opaleshoni ya loboti inatalika ndi mphindi pafupifupi 37 ndipo inakwera ndi mapaundi a ku Britain pafupifupi 1,000.

Manambala awa ndi a mayiko omwe tsiku limodzi m'chipatala ndi lodula kwambiri ndipo antchito amalipidwa zambiri. Ku India kapena ku South Africa kusiyanako kumakhala kwa mlingo wina. Chosasintha n'chakuti makina ndi zipangizo zimagulidwa ndi ndalama zakunja kulikonse.

Funso lofunika: poyerekeza ndi chiyani?

Ubwino womwe umalembedwa pa zotsatsa za loboti, monga bala laling'ono, magazi ochepa, ululu wochepa ndi kutuluka msanga, ndi woona. Koma ambiri mwa ubwinowu ndi wa timabowo, osati wa loboti. Mukayerekeza loboti ndi kung'amba, kusiyana kumaoneka. Mukaiyerekeza ndi timabowo ta dokotala waluso, pa maopaleshoni ambiri kusiyanako kumachepa kapena kusowa.

Pomwe loboti yazika mizu kwambiri ndi pa kuchotsa prostate ya khansa, kachiwalo ka abambo kokhala kunsi kwa chikhodzodzo. Malowo ndi akuya ndi opanikiza, mitsempha yoyang'anira mkodzo ndi mphamvu za m'banja imadutsa pafupi, ndipo pomaliza pamafunika kusoka njira ya mkodzo ku chikhodzodzo. Madokotala ochepa okha ndi omwe anazolowera kuchita zimenezi ndi zipangizo zowongoka. Choncho kwa abambo ambiri, chosankha chenicheni chimakhala loboti kapena kung'amba. Kafukufuku wa ku Brisbane wosindikizidwa mu The Lancet mu 2016 anapeza kuti a loboti anataya magazi ochepa ndi kutuluka msanga, koma patatha masabata 12 kagwiridwe ka mkodzo ndi mphamvu za m'banja zinali zofanana ndi za ong'ambidwa. Kudula gawo la impso n'kusiya lina ndi opaleshoni inanso yomwe nsonga zopindika zimathandiza, chifukwa dokotala amasoka mothamanga magazi opita ku impso atatsekedwa.

Pa ndulu, appendix (kathumbo kakang'ono kolendewera ku thumbo lalikulu) ndi chophukacho chaching'ono, timabowo pamanja timakwanira, ndipo umboni woti loboti imachiritsa bwino kuposa apo ndi wochepa. Kafukufuku wa mu JAMA Surgery mu 2023, wa okalamba a ku America, anapeza kuti kuvulazidwa kwa njira ya ndulu kofuna opaleshoni ina kunachitika pa 0.7 pa 100 mwa a loboti ndi 0.2 mwa a timabowo. Sanali wa maere, ndipo mwina ena mwa madokotalawo anali akuphunzira kumene, koma akusonyeza kuti makina odula sachotsa ngozi.

Pali nkhani ina yomwe amayi a kuno ayenera kuimva, popeza Malawi ali m'gulu la mayiko omwe khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Kafukufuku wa LACC wa mu 2018 anapeza kuti pa khansa iyi, ikadali yoyambirira, amayi ochitidwa opaleshoni ya timabowo, kaya pamanja kaya ndi loboti, khansa inkawabwerera kawirikawiri kuposa ong'ambidwa. Patatha zaka zinayi ndi theka, 86 pa 100 anali opanda khansa, pomwe mwa ong'ambidwa anali 96.5. Chichokereni apo, madokotala ambiri anabwerera ku kung'amba pa opaleshoni imeneyi. Mayi akauzidwa kuti ang'ambidwa, asaganize kuti wapatsidwa chithandizo cha osauka.

Oikira kumbuyo loboti nawo ali ndi mfundo zomveka. Dokotala wokhala pansi satopa msana ndi mapewa ngati woimirira maola asanu. Kusoka ndi loboti kumaphunzirika msanga, choncho odwala ambiri omwe akanang'ambidwa amapulumuka bala lalikulu. Mitengo ikhozanso kutsika pomwe opanga akuchuluka: pali Versius ya CMR Surgical ya ku Cambridge, Hugo ya Medtronic, ndi SSi Mantra yopangidwa ku India.

Zikavuta m'fiyeta

Mikono ya makina ikaikidwa moyandikana imagundana, ndipo pamafunika kuima n'kukonza. Chokutira cha chipangizo chowotchera chikang'ambika, magetsi amatha kulumphira ku thumbo pomwe kamera sikuona, bowo n'kudzaonekera patapita masiku. Vuto ili limachitikanso pa timabowo pamanja. Pa maopaleshoni a m'chiuno wodwala amapendekedwa mutu pansi kwa maola, zomwe zimatupitsa nkhope ndi kulemetsa mapapo. Magazi akayamba kutuluka mwamphamvu, gulu liyenera kuchotsa zipangizo, kumasula mikono ndi kukankha chingolo asanang'ambe, ndipo magulu abwino amayeserera zimenezi pasadakhale. Makina akaima osadzukanso, opaleshoni imamalizidwa pamanja kapena mong'amba, koma zipangizo zomwe zatsegulidwa kale zimakhala zawerengedwa.

Nanga kwathu kuno?

Ku South Africa loboti yoyamba ya da Vinci inafika mu 2013 ku chipatala cha The Urology Hospital ku Pretoria, ndipo zipatala za boma za Tygerberg ndi Groote Schuur ku Cape Town zinayamba kuigwiritsa ntchito patapita zaka pafupifupi 9. Ili ndi dziko lomwe chuma chake chimaposa chathu kutalitali.

Ndalama zonse za umoyo m'Malawi, kuphatikiza za boma, za mabungwe othandiza ndi zochokera m'matumba a anthu, m'zaka zapitazi zinkakwana pafupifupi madola 40 pa munthu pachaka. Madola 450,000 a m'chitsanzo chathu chija ndi gawo la chaka chonse la anthu oposa 11,000. Ndipo ndalamazo zimafunika m'madola. Kwacha itagwa ndi 44 pa 100 mu November 2023, chilichonse choitanitsa kunja chinakwera tsiku limodzi. Loboti imafunanso magetsi osathimathima, chipinda chozizira, makina apadera otsukira, ndi katswiri woti afike msanga ikawonongeka.

Ku chipatala cha boma cha Mulanje, cha Thyolo, ku Mulanje Mission kapena ku Malamulo ku Makwasa, ntchito yaikulu ya fiyeta ndi kubereketsa amayi kudzera pa opaleshoni, chophukacho, matumbo opotana kapena obooka, ndi mafupa othyoka pa ngozi za njinga zamoto. M'zipatala za m'maboma zambiri mwa izi amachita ndi ma clinical officer, zovuta n'kutumizidwa ku Gulupu ku Blantyre. Gulu la akatswiri la Lancet Commission on Global Surgery linanena mu 2015 kuti anthu 5 biliyoni padziko sapeza opaleshoni yotetezeka ndi yoti angaikwanitse pa nthawi yake, ndipo muyezo wake wa chipatala chokonzeka unali maopaleshoni atatu: kubereketsa, kutsegula m'mimba, ndi kukonza fupa lothyoka lotulukira kunja. Palibe mwa izi yofuna loboti.

Pomwe pali kulumpha kwakukulu kwa wodwala wa kuno ndi pakati pa kung'amba ndi timabowo. Mayi wothyola tiyi pa esiteti, yemwe malipiro ake amatengera makilogalamu, akachotsedwa ndulu mong'amba amakhala masabata 4 mpaka 6 asanasenze dengu. Pa timabowo amatha kutuluka tsiku lotsatira n'kuyamba ntchito zopepuka pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Izi zikachitika m'nyengo ya mvula, pomwe masamba amaphuka kwambiri, kusiyanako ndi chakudya cha pakhomo. Gadiyani nayenso amagona masiku ochepa pachipatala, bedi limamasuka, bala silichita mafinya kawirikawiri. Zofunika zake ndi masilinda a mpweya osatha, magetsi odalirika, wokonza kamera, ndi madokotala ophunzitsidwa. Madokotala ena m'mayiko osauka akuyesanso njira yokweza khungu la mimba ndi kachitsulo m'malo mopopera mpweya, kuti achotse mtengo wa masilinda. Ena amati dziko liyambe lakhazikitsa timabowo m'zipatala zambiri. Ena amati malo amodzi a loboti mumzinda waukulu angachepetse ndalama zotumiza odwala kunja ndi kusunga akatswiri kuti asathawire kwina. Mbali zonse ziwiri zimabwerera ku nambala ija ya chigayo: odwala angati pachaka.

Pepala la mitengo likafika

Musanasonkhe ndalama, funsani dokotala kuti opaleshoni yeniyeniyi waichita kangati ndi loboti, ndipo kangati ndi timabowo pamanja. Dokotala wozolowera njira imodzi amachita bwino ndi njira yakeyo, ndipo luso lake limalemera kuposa dzina la makina. Funsani kuti pa matenda a wodwala wanuyo loboti isintha chiyani: masiku ogona, magazi, kubwerera kwa khansa, kagwiridwe ka mkodzo. Funsani kuti mukakana loboti achita njira iti. Yankho likakhala timabowo, kusiyana kwa zotsatira kungakhale kochepa. Likakhala kung'amba, ndalama zowonjezerazo zikugula bala laling'ono ndi kuchira msanga, ndipo kwa munthu yemwe ali kunja, masiku ochepa olipira malo ogona a wodwala ndi gadiyani wake.

Onetsetsani ngati mtengo wolembedwawo waphatikiza zipangizo za loboti, chifukwa zipatala zina zimazilemba padera pa bilu yomaliza. Funsani kuti opaleshoni ikasinthidwa pakati n'kukhala yong'amba mudzalipira chiyani, komanso tsiku lililonse lowonjezera ku chipinda cha odwala mwakayakaya ndi ndalama zingati. Amene ali pa inshulansi ya zaumoyo atenge chilolezo cholembedwa asananyamuke, popeza ma inshulansi ambiri amalipira pa mlingo wa njira yanthawi zonse, chotsalacho n'kusiyira banja. Pobwerera, tengani lipoti la opaleshoni ndi zotsatira za kupima chotupacho, mapepala enieni osati zithunzi za pafoni zokha, kuti dokotala wa ku Blantyre kapena wa kwanu ku boma adzathe kupitiriza chithandizo.